Mzere Wachitatu

Ndikukumbukira sabata imene makina aja anakhala patebulo lathu, ife n'kumadyera pamphasa ngati alendo m'nyumba yathu yomwe. Tinkakhala m'nyumba za kampani pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Limbuli, komwe bambo anga ankagwira ntchito ya magetsi kufakitale. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinali mwana woti ukamuuza kuti usagwire, wamutuma. Inali nyengo ya chiperoni. Phiri silinkaoneka, zovala sizinkauma, ndipo anafe tinkangozungulira m'nyumba ndi mphuno zochucha, kusowa chochita.

Makinawo anali ojambulira mawu, akalekale, okhala ndi mawilo awiri aakulu ngati mbale, tepi n'kumachoka pa wilo lina kupita pa linzake. Anafika pa njinga ataphimbidwa ndi saka, amuna awiri akukankha. Mwini wake anali wansembe wina wachizungu amene anathawa nawo nkhondo ku Mozambique, ndipo iye atamwalira anangokhala m'chipinda chosungira katundu kumishoni, mphemvu zikuberekeranamo. Bambo anawapempha. Sanawapemphe chifukwa chokonda zitsulo zakale, ngakhale kuti matenda amenewo anali nawo ndithu. Anawapempha chifukwa cha chitini cha mabisiketi chimene chinkakhala pansi pa bedi la amayi.

Amayi anachokera tsidya lomwelo, ku Milange. Tsiku lothawa nkhondo, mchimwene wawo, amalume a Jowakimu, anawapatsira tepi imodzi kuti awasungire, amalumewo n'kubwerera kukamasula mbuzi. Sanaonekenso. Panalibe chithunzi chawo, panalibe manda oti n'kukasesa. Chotsala chinali tepi yomweyo, imene wansembe uja anajambulamo kwaya ya kumudzi kwawo, amalume akutsogolera nyimbo, ndipo amayi anaikulunga m'kapulana, chitenje cha kwawo, n'kuitsekera m'chitini kwa zaka zoposa khumi popanda choiyimbira. Abale akabwera ankandigwira chibwano n'kunena kuti mphuno yanga ndi ya Jowakimu. Zinkandinyansa kufanana ndi munthu amene sindinamumvepo ngakhale kutsokomola.

Masiku awiri oyamba makina sanachite ngakhale kung'ung'udza. Bambo ankati akaweruka masana, osavula ndi ovolosi yomwe, amakhala patebulo n'kuyamba kumasula. M'nyumba monse munkanunkha mtovu wowotcha ndi fumbi lachinyezi. Lamba woyendetsa mawilo anamupeza atasungunuka, wakuda bii ngati phula, moti anachita kumukanda ndi mpeni. Lamba woteroyo sukanamupeza ku Limbuli, ngakhale ku Boma. Ndiye bambo anatenga chubu chakale cha njinga n'kumadula timalamba ndi lumo. Ankayesera pa tepi ina ya ulaliki wa wansembeyo, yomwe inabwera ndi makina. Lamba woyamba anali wolefuka, wansembe n'kumalalikira ngati ng'ombe yodwala. Wachiwiri ankatsetsereka, wansembe n'kumalankhula ngati waledzera kachasu. Tinaseka mpaka misozi, koma amayi sanaseke. Ankalowa, kuyang'ana patebulo, n'kutulukanso ngati aiwala chinthu panja.

Lamba wachisanu ndi amene anagwira. Bambo anasangalala mpaka anayamba kundiphunzitsa, zomwe sankachita kawirikawiri. Anati tepi yopyapyalayo ili ndi mizere inayi yosaoneka, ngati mizere ya tiyi, aliyense wothyola ndi mzere wake. Wansembe ankajambula ng'oma pa mzere woyamba, gitala pa wachiwiri, wotsogolera nyimbo pa wachitatu, ovomera pa wachinayi. Mzere uliwonse unali ndi kasingano kake kovina kutsogolo kwa makina. Ananenanso zina za batani lofiira, zoti limalemba zatsopano n'kufufuta zakale, koma ine sindinkamva, maso anali pa timasingano. Chimene ndinaona bwino chinali zala zawo. Poyesa ngati makina akujambula pa tepi ya ulaliki ija, ankadina mabatani awiri pamodzi, lakuda ndi lofiira.

Lachitatu masana, amayi atapita kumsika, bambo anatsegula chitini. Tepi inkanunkha nkhungu. Anaikoloweka mosamala n'kudina batani lakuda. Kunamveka ng'oma, kenako gitala, kenako mawu a mwamuna wachinyamata, okwera, osasa pang'ono, akuyimba m'Chilomwe, atsikana n'kumavomera. Tsitsi langa linaima. Koma ndime imodzi itangotha, bambo anaimitsa makina. Anandionetsa fumbi lofiirira limene linagwera patebulo, pansi pa kamutu kachitsulo komwe tepi imakhuza podutsa.

"Waona? Mawu ake ndi amenewa akuyoyokawa," anatero. "Tepi iyi yatopa. Loweruka ndikabwereka wailesi ya kaseti, tidzakopere kamodzi basi, amako ali pomwepo. Usagwire."

Belu la kufakitale litalira anabwerera kuntchito, tepi ili chikolowekere.

Ndinayesa ndithu. Ndinasesa pakhonde posesedwa kale. Ndinapita kumpopi ndi ndowa yosafunika madzi. Koma mawu aja ankandiyabwa m'makutu, ndipo ndinadziuza kuti ndime imodzi yokha siingaphe munthu. Ndinatseka chitseko, kuyatsa makina, n'kudina monga ndinaonera: zala ziwiri, lakuda ndi lofiira. Kagetsi kofiira kanayaka pansi pa kasingano kachitatu, chifukwa mzere umenewo ndi umene bambo anamaliza kuyesa. Ng'oma inalira, gitala inalira, atsikana anavomera. Amalume okha anali chete. Ndinaganiza kuti akupuma, ndiye ndinadikira. Ndinaika khutu pa sipika n'kumadikira kuti ayambe, osadziwa kuti nthawi yonseyo ndikuwafufuta ndine.

Nditatopa ndinaimitsa, n'kudina lakuda lokha. Amalume anatulukira pakati pa liwu, akuyimba ndime yomaliza ngati palibe chachitika. Ndinabweza tepi n'kumveranso. M'ndime yonse yapakati mawu a amalume munalibe. Apo m'pamene mawu a bambo onena za batani lofiira anafika m'mutu mwanga, mochedwa. Ndinabwezera tepi pomwe ndinaipeza, kupukuta fumbi lofiirira ndi diresi langa, n'kukakhala panja pamvula yowaza.

Lachinayi bambo sanapirire, anafuna kumva ngati nyimbo yonse ili bwino. Atafika pa mpata uja anakwinya nkhope. Sanakayikire munthu, anakayikira ntchito ya manja awo. Anapukuta kamutu kaja ndi thonje lonyika mu spiriti, n'kumvera. Anawotchereranso mawaya a mzere wachitatu, n'kumvera. Anasinthanitsa waya wachitatu ndi woyamba kuti aone ngati vuto lisamuke, n'kumveranso. Nthawi iliyonse mpata unali pomwepo, ndipo nthawi iliyonse fumbi lofiirira linkawonjezeka patebulo. Munthu yemwe uja ananena kuti tikopere kamodzi basi, anaiyimba tepiyo kasanu ndi kawiri tsiku limenelo. Ndinkawerenga ndili kuseri kwa chitseko.

Sindinadziwe pokhala. Ndikakhala m'nyumba ndinkafuna panja, ndikatuluka ndinkabwerera kudzasuzumira pawindo. Chakudya sichinkatsika. Kusukulu aphunzitsi anandifunsa funso katatu ine ndikuyang'ana nkhungu m'minda ya tiyi. Ndinkaopa chikwapu, inde, koma chikwapu ndinkachidziwa, chimawawa n'kutha. Chimene ndinkaopa kwenikweni chinali nkhope ya amayi. Iwo sankalowanso m'chipinda cha makina. Nyumba za kampani zinalibe chinsinsi, khoma linali lopyapyala, moti zonse ankazimva ali kukhitchini. Nyimbo ikayamba, mpeni wawo unkasiya kugogoda pa thabwa. Ikafika pa mpata, unkayambanso, mwamphamvu.

Pofika Lachisanu ngakhale ine ndinkamva kuti mawu a amalume m'ndime zotsalazo ayamba kuchepa, ngati munthu amene akuyimba akupita kutali. Bambo maso anali atafiira. Anati mwina pamalo pamenepo pamera nkhungu yophimba mzere wachitatu wokha, ndipo chatsala n'kutsuka tepi yeniyeniyo. Anaikoka pang'ono ndi zala, kuigoneka pa nsalu, n'kunyika thonje mu spiriti. Ine ndinali nditaona kale zimene spiriti amachita ku fumbi lija pa kamutu, amalichotsa lonse psiti. Thonje limenelo likanatenga ng'oma, gitala ndi atsikana omwe.

"Ababa, musapukute," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono. "Mulibe nkhungu. Ndinadina lofiira."

Bambo anaika thonje pansi pang'onopang'ono. Sanandiyang'ane, anayang'ana kagetsi kozima pansi pa kasingano kachitatu, ndipo ndinaona kuti amvetsa zonse nthawi imodzi, ngakhale kulakwa kwawo kosiya mzerewo uli wotsegula. Asanalankhule, amayi anali ataima pakhomo, mpeni ndi anyezi zili m'manja. Ndinadikira kuti akuwe kapena andimenye. Ndinkafuna atandimenya.

"Bambo ake Esinati," anatero, osandiyang'ana ine mwini dzina, "musaiyimbenso. Mawa kamodzi, monga munanenera."

Tsiku lonselo sanandilankhule. Anandipatsa chakudya, anandiyalira, koma osatulutsa liwu.

Loweruka m'mawa bambo anabwera ndi wailesi ya kaseti ya mnzawo. Panalibe waya wolumikizira, ndiye anangoiika kutsogolo kwa sipika n'kutiuza kuti aliyense akhale chete, chifukwa ijambula chilichonse cha m'chipindamo. Anathamangitsa nkhuku pakhonde. Amayi anakhala pampando atavala kapulana yomwe ija ya m'chitini, manja ali pamaondo. Ine ndinakhala pakona, pafupi ndi chitseko.

Ndime yoyamba inadutsa amayi ali phee, milomo yokha ikuyenda. Ndiye unafika mpata wanga. Ng'oma inapitiriza, atsikana n'kumavomera munthu yemwe palibe. Anavomera kamodzi, kawiri. Kachitatu kasanafike, amayi anatsegula pakamwa n'kuyamba kuyimba mbali ya mchimwene wawo, motsitsa, mawu akugwedera, koma osaphonya liwu limodzi. Bambo anatambasula dzanja kuti aimitse kaseti, n'kulibweza. Ndipo atsikana a m'tepi anawavomera amayi. Pakati pawo panali kamawu kamodzi kakuthwa, kothamangira kutsogolo kwa anzake, ndipo ndinakazindikira ndisanauzidwe. Anali amayi omwewo, ali mtsikana wosadziwa kuti kukubwera nkhondo. Ndinalira mwakachetechete, chibakera chili kukamwa, kuopa kuwononganso kaseti.

Amalume atabwerera n'kumaliza nyimbo yawo, bambo anazimitsa zonse. Amayi anapukuta nkhope ndi nsonga ya kapulana, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokere dzulo lake anandiyang'ana.

"Iwe, bwera kuno. Ndime imeneyi unaichotsa ndiwe. Uisunga ndiwe."

Chimenecho ndicho chinali chilango changa, ndipo chinatenga mwezi wathunthu. Ine amene ndinkachita manyazi amayi akandilankhula Chilomwe pamaso pa anzanga a kusukulu, ndinkakhala nawo kukhitchini tikusenda nandolo, iwo akutchula mzere, ine ndikubwereza, akundikonza lilime mpaka litawongoka. Tepi ija sinayimbenso. Makina anakhala pamwamba pa kabati mpaka lamba wa chubu anauma n'kuduka yekha.

Lero ana anga amajambula mawu pa foni tsiku lonse, kufufuta, kujambulanso, osaganiza kawiri, ndipo chimene afufuta amachipezanso kwinakwake. Amandiseka kuti ndikafuna kutumiza uthenga wa mawu, chala changa chimaima m'malere kaye ngati foni iluma. Kaseti ija mwana wanga wamkulu anaikopera pa foni, ndipo anandiuza kuti angathe kuchotsamo phokoso la m'chipinda, mpando ukulira ndi kamwana kakufwenthera chapatali. Ndinamukaniza. Amayi tinawaika zaka zinayi zapitazo, ndipo pamaliro pawo panalibe wina wodziwa ndime yapakati ija. Ndinaiyimba ine, ndekha, ndipo panalibe wovomera.