Hadi Diraivi ya a Alufandika

A Ignatius Alufandika anabadwira ku Nsanje, makolo awo atangowoloka kuchokera ku Mutarara. Anagwira ntchito yotayipa pa kampani ina yosindikiza mabuku ku Limbe zaka makumi awiri ndi zisanu. Atapuma anakhazikika ku Bangwe n'kuyamba ntchito imene palibe anawatuma: kulemba nyimbo zakale za kwaya za Chisena, mawu ndi manotsi a kaimbidwe omwe, zisanapite kumanda pamodzi ndi oziimba.

Kompyuta yawo anawakonzera ndi mwana wawo Miriam, amene anamwalira mu 2007. Iyeyo ndi amene anaikamo Windows ndi pulogalamu yolembera manotsi. CD ya pulogalamuyo inasowa nthawi ya maliro. A Alufandika ankangodziwa podina, zam'kati ayi.

Mu 2011 kompyuta ija inayamba kudandaula kuti malo atha. Nyimbo ina inakana kusungika, ntchito ya masiku atatu n'kupita pachabe. Amisiri awiri amene anawafunsa anayankha chimodzimodzi: agule hadi diraivi yaikulu, chipangizo chosungira zonse za m'kompyuta, aikemo Windows watsopano. Za pulogalamu ija anati aiiwale, poti popanda CD sakanatha kuiikanso.

Lachiwiri lina m'mawa anakulunga kompyutayo m'chitenje cha akazi awo n'kukwera minibasi ya ku Limbe. Kondakitala anafuna kuiika kumbuyo pamodzi ndi matumba a makala, koma iwo anaifungatira pamiyendo ngati khanda. Anali atamva za mayi wina dzina lake Halimatu, wokonza makompyuta m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya nsalu.

"Sindifufuta kanthu, bambo," anatero Halimatu atamva nkhani yonse. "Ndikopera zonse mmene zilili, Windows ndi mapulogalamu omwe, zilowe mu yatsopanoyi. Koma yakaleyi yatopa. Mukumva mmene ikulirira? Ikhoza kutifera panjira."

"Nanga ikafa?"

"Tiyeni tiyambe kaye."

Halimatu analumikiza madiraivi awiriwo. Pa sikirini panaoneka kamzere kobiriwira, kakukwawa ngati bilimankhwe. A Alufandika anapatsidwa mpando koma sanakhale, ndipo tiyi amene anawathirira anazizira osamukhudza. Katangopitirira theka, kamzere kaja kanaima. Diraivi yakale inkangoti tcheke, tcheke, tcheke.

"Yafika pamalo owonongeka," anatero Halimatu motsitsa mawu. "Musagwedeze tebulo."

A Alufandika anavula chipewa n'kumachipotokola m'manja. Ankaganizira nkhalamba zimene zinawaimbira nyimbozo ku Tengani ndi ku Marka. Zambiri zinali zitamwalira kale. Malaya ananyowa ndi thukuta ngakhale kunja kunali chiperoni. Patapita mphindi makumi awiri, kamzere kanasuntha.

Kukopera kunatha cha m'ma 3 koloko masana. Halimatu anachotsa diraivi yakale, n'kumangirira yatsopano, n'kuyatsa. Sikirini inangokhala bii, timawu toyera tili pakona.

"Ikuti chiyani?" anafunsa a Alufandika, ngakhale Chingerezi ankachiwerenga bwino.

"Ikuti sikupeza poyambira."

Apo mpamene a Alufandika anakhala pampando. Halimatu anatsegulanso bokosi la kompyutayo. Ndi kapanira kakang'ono anasuntha kapulasitiki kochepa ngati njere ya mpunga kumbuyo kwa diraivi, n'kuyatsanso. Windows analowa. A Alufandika anagwira mausi n'kudina pulogalamu ija. Inatseguka.

Anayang'ana nyimbozo imodzi imodzi. Zonse zinalipo kupatula imodzi, imene inali pamalo owonongeka paja: nyimbo ya Pasaka imene anawaimbira a Semba, nkhalamba ya ku Marka.

"Pepani bambo, imeneyo sindingathe kuibweza."

"A Semba akadali moyo," anayankha iwo akuimirira, "koma ndamva kuti sakudzuka."

Lachisanu sabata yomweyo anakwera basi ya ku Nsanje, kope ndi pensulo zili m'thumba la jekete. Ulendo wonse ankang'ung'udza ndime yoyamba, pakuti yachiwiri sankaikumbukira.