Kampani ya Mpunga

Nditamaliza digiri yachiwiri ku Salford, ya sayansi ya zakudya, ndinakhala chaka chathunthu ndikusambitsa nkhalamba. Ntchito yogwirizana ndi mapepala anga ndinaipeza m'katauni kena ka kumapiri, kumpoto kwa Manchester. Inali yofulula mowa.

Mwini wake anali mzungu wandevu amene anapita ku Japan milungu iwiri n'kubwerako atatembenuka mtima. Kumeneko anaona anthu akufulula mowa wa mpunga, basi iye n'kulumbira kuti adzatumikira mpunga moyo wake wonse. Tinkautsuka iye atagwira wotchi m'manja. Tikauphika ndi nthunzi tinkauyala m'kachipinda kotentha ngati ku Nsanje mu Okutobala, n'kuuwaza nkhungu yobwera pa ndege. Kwathu chakudya chikachita nkhungu timataya, koma kuno nkhungu inali ndi malo akeake mufiriji. M'kachipindako tinkalowa titavula nsapato, ndipo kukweza mawu kunali koletsedwa, ati mpunga umadzidzimuka.

Vuto linali kumpingo. Ine ndinali woimbitsa kwaya pampingo wathu wa Amalawi, umene unkasonkhana muholo yobwereka. Machimo ena tinkawazungulira ndi mawu, koma mowa tinkautchula dzina sabata iliyonse.

"Muzinena kuti mumagwira pakampani ya mpunga," anandilangiza mkazi wanga. "Si bodza."

Zinayenda miyezi isanu ndi iwiri. Kenaka amayi apampando a chigwirizano cha amayi anali ndi chinkhoswe cha mwana wawo, ndipo anaganiza zogula mpunga pamtengo wa pachibale. Lachisanu lina masana ndinangowaona pakhomo la kuntchito, ali ndi amuna awo, mkulu wa mpingo, akukoka sutikesi yopanda kanthu.

Bwana wanga anasangalala kwambiri. Anawavulitsa nsapato, n'kuyamba kuwaonetsa malo monong'ona. Mkulu wa mpingo anasuzumira muthanki imene inkabwata yokha.

"Kodi a kwaya," anandifunsa m'Chichewa, "mpunga wanuwu ukuwira bwanji popanda moto?"

"Ukusasa, abambo."

"Ukasasa umasanduka chiyani?"

Nthawi yomweyo bwana anabwera ndi timakapu tating'ono ngati ta mgonero, n'kupereka ndi manja awiri atawerama. Amayi anakana. Abambo ananunkhiza, n'kunena kuti kukana chopatsidwa mwaulemu chonchi n'kuchititsa manyazi dziko lathu. Anamwa, n'kundifunsa:

"Muli chimera m'menemu?"

Chinalimo pang'ono, cha balere. Matumba ake anali kuseri kwa chitseko chimene ndinatsamira. Ndinayankha kuti chachikulu ndi mpunga.

"Mapira? Chimanga?"

"Mulibe."

"Ndiye tisamaweruze msanga. Iyi ndi thobwa ya ku Japan."

Kuti atsimikize chigamulocho analawa mitundu ina itatu. Pa wachitatu anayamba kufotokozera bwana wanga m'Chingerezi chapamwamba kuti Amalawi ndi Ajapani ndi anthu amodzi, chifukwa onse amalemekeza akulu. Bwana anatsala pang'ono kulira.

Amayi anali asanaiwale chimene anadzera. Anafunsa mtengo wa thumba la mpunga. Bwana anagwira pamtima, nati mpunga umenewu si wodya, anaupala mpaka kutsala kamtima kokha. Amayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kusokosi.

"Mpunga wosadya," anatero. "Tiyeni bambo, thobwa yanuyo yakufiiritsani maso."

Anabwerera ndi sutikesi yawo yopanda kanthu. Ndisanafike kunyumba, mkazi wanga anali atalandira kale mafoni anayi.

Lamulungu akulu anakhala pansi. Anandiimitsa kuimbitsa kwaya kwa miyezi itatu. Mlandu sunali wa mowa, poti mboni imene inalawa inaumirira kuti sinaone mowa uliwonse. Unali wopusitsa amayi pa nkhani ya mpunga. Chigamulo anawerenga ndi mkulu yemweyo, ndi mawu achisoni, ndipo ine ndinapepesa nditaimirira.

Titaweruka mkulu uja ananditsatira kokwerera basi. Anandilimbikitsa kuti chilango ndi chikondi, ndisataye mtima. Atayang'ana uku ndi uku anatsitsa mawu.

"Thobwa ija, mulibe ya m'timabotolo tokwana m'thumba la jekete?"

Ndinagwira pakampanipo zaka zinayi. Kwaya ndinabwereramo nthawi itakwana, koma pachinkhoswe paja sanandiitane.