Chiwongolero cha Che Sumaili

M'zaka zija munthu popita kumsika unkayamba wasisita thumba kuti umve ngati khadi la chipani lilimo, pa Mwanza panali makaniko, Che Sumaili, amene sanagulepo galimoto koma anali nayo. Anachita kuibereka okha. Injini anaichotsa pa lole yomwe inagwera kuphompho, zitseko anazipeza kwa Mpwitikizi wina wa ku Zobue, matayala aliwonse ndi kwawo. Anaitcha Bahati.

Bahati inali ndi kakhalidwe kake. Bokosi la chiwongolero analimanga chadodolido, moti ukapotokolera kumanja, iyo inkalowera kumanzere. Eni ake sanaonepo vuto. Anaphunzirira pomwepo kuyendetsa, m'tinjira ta kwa Nthache, mpaka anaiwala kuti magalimoto ena satero.

Tsono mwana wawo Subira anapeza banja, ndipo bambowo analumbira pakhomo pa mzikiti, amuna onse akumva, kuti mwanayo adzapita kwa mwamuna wake pa galimoto ya bambo ake, kudutsa pakati pa boma. Mumsewu waukulu, komwe kuli apolisi! Ndiye kuti Bahati inayenera kupimidwa kaye.

Tsiku lomwe a Paison, opima magalimoto ochokera ku Blantyre, anafika, ngakhale osintha ndalama a pamalire anatseka zikwama kudzaonerera. Mabuleki anagwira. Magetsi anayaka. Hutala inalira ngati mbuzi yogwidwa mwendo, anthu m'manja wa-wa-wa! Kenaka a Paison anakhala pampando, nailiza, napotokolera kumanja kuti alambalale mtengo wa mango. Bahati inalunjika kumanzere, tho! pa mulu wa manachesi a mai Deliwe.

A Paison anatsika, nalunjika kwa Che Sumaili.

"Bambo, galimoto yanuyi ndi yotsutsa. Mukudziwa kuti m'dziko muno otsutsa saloledwa?"

"Iyayi bwana, imamva bwinobwino, koma muziipempha mosemphanitsa."

"Muitembenuze mtima. Ndidutsanso sabata yamawa."

Che Sumaili anamasula bokosi lija, nalimanga moyenera. A Paison atabwerera anazungulira bwalo lonse, mai Deliwe atanyamuliratu dengu lawo pamutu, ndipo Bahati inakhoza. Anthu anawanyamula Che Sumaili m'mwamba, chisoti chikugwa. Atawatsitsa anakwera monyadira, nabayibitsa khamu lonse, nakagwera m'ngalande. Galimoto inali itachira, koma manja a eni ake anali akadali akale.

Anayesa m'mawa, anayesa masana, mpanda wa oyandikana nawo unatha. Nikahi, mwambo womanga ukwati wa Subira, nayo ili pafupi. Amuna a kumzikiti anayamba kufunsana mokweza ngati wina angabwereke ngolo.

Akazi a Che Sumaili, a Kulsumu, amene sanakhalepo kutsogolo kwa galimoto, anatenga mbale yachitsulo naizunguza pamaso pawo.

"Bambo a Subira, taonani. Pamwamba pakamapita uku, pansi pakupita uko. Manja anuwo ngouma ngati mutu wanu, sangasinthe. Gwirani m'munsi."

Pa tsiku la nikahi Bahati inadutsa pakati pa boma mowongoka ngati ulusi, mkwatibwi ali kumbuyo, nthungululu zili ponseponse, woyendetsa atagwira chiwongolero m'munsi, manja ali pamchombo, thukuta lili kamukamu. Wapolisi wina anachita kuperekera sawasha. Subira anatsikira pakhomo penipeni pa apongozi ake, osati kwa aneba.

Che Sumaili anayendetsa choncho mpaka kukalamba, ndipo alendo ambiri anachoka pa Mwanza akuwamvera chisoni kuti amadwala m'mimba.