Dothi la Chiswe pa Phiri la Moto

Linali botolo la jamu, la chivindikiro chofiira, ndipo Aphunzitsi anandipatsa pamaso pa kalasi yonse. Linali tsiku lotsekera sukulu mwezi wa Malichi, sinowo wa ku Oshawa, tauni imene tinkakhala kufupi ndi Toronto, atasanduka matope akuda m'mbali mwa misewu. Ndinali nditadzitama kuti tikupita ku chilumba china cha ku Caribbean komwe kuli phiri lofuka utsi, ndiye iwo anati ndikabweretse phulusa la pamwamba penipeni, tidzaliike pashelefu ya sayansi. Ndinalonjeza. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mwana wakuda ndekha m'kalasimo, ndipo ndinali nditatopa ndi kufunsidwa ngati kwathu mikango imalowa m'nyumba. Ndinkafuna andifunseko zina.

Ulendowo anakonza ndi Amalume, achimwene awo a Amayi, amene ankagwira ntchito ku fakitale ya magalimoto. Mnzawo wa kuntchito anali wochokera pachilumbapo, ndipo anatipezera malo ogona kwa abale ake. Abambo anatsala, mayeso a ku yunivesite ku Toronto atawagwira pakhosi.

Koma Amayi! Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umayamba wakwera kaye nzeru zisanafike. Tawoloka nyanja yonseyo pa ndege, iwo chilichonse ayi. Ku akasupe a madzi otentha, komwe alendo ankadzipaka matope n'kumajambulitsa, anakana kuviika ngakhale chala. Kumalo komwe matope ankabwata ngati phala, fungo la mazira osukusa litangowamenya, anathamangira kuseri kwa basi kukasanza. Kugombe la mchenga wakuda anangokhala pamthunzi atafunda chitenje, akudya mango osapsa ndi mchere. Ndikadandaula, m'Chingerezi monga mwa masiku onse, yankho linali limodzi: "Iwe tasewera uko, ine mutu ukundiwawa." Mutu wanji wosapola sabata yathunthu?

Amalume nawonso sankathandiza. Munthu amene ku Oshawa ankandilola ngakhale kugwira chiwongolero cha galimoto yawo, kumeneku anasanduka mlonda wa Amayi. "Asiye, holide ndi yawonso," ankatero, akuwakupiza ndi chipewa.

Za phiri anayamba akana onse awiri. Ndinalira mpaka anthu a nyumbayo anabwera kudzasuzumira. Pomaliza Amayi anausa moyo n'kunena kuti chabwino, tipita tonse.

Tinanyamuka m'mawa ndi gulu la alendo, mayi wina wa pachilumbapo akutitsogolera, chikwanje m'manja. Njira inadutsa m'minda ya nthochi, kenako inalowa m'nkhalango yonyowa, masamba akudontha ngakhale kunalibe mvula. Malaya anandimatirira kumsana. Amayi ankabwera pambuyo penipeni, kuyenda pang'ono, kugwira mtengo, kupuma, kuyendanso. Nkhalamba za mitu ya mbuu zinatipitirira. Pena mitengo ikatseguka ndinkauona utsi uja pamwamba, ndipo ndinkafinya botolo langa mpaka zala kuwawa.

Ndiye tinafika pa mtengo wina umene chiswe chinamata dothi lofiira pathunthu pake. Amayi anaima n'kuliyang'anitsitsa ngati akumana ndi m'bale wawo. Anamatula kachidutswa, kuponya m'kamwa, kutsinzina. Dothi, abale! Azungu awiri amene ankatsika anaima n'kuyang'anana. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo, ndipo paphiri ngati limenelo zikanatha kuchitikadi.

Mayi wotitsogolera uja anabwerera kudzationa. Anawayang'ana Amayi kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anaseka chapansipansi, n'kuwanong'oneza kanthu. Amayi anagwedeza mutu movomera. Amalume mwadzidzidzi anatanganidwa ndi zingwe za nsapato zawo. Atadzuka anati, "Basi, tibwerere."

Ndinakuwa kuti aononga zonse, kuti sindidzapitanso nawo kulikonse. Kwathu mwana wolankhula chotero amalawa khofi patsaya, koma tsiku limenelo palibe anandikhudza.

"Pitani naye, achimwene, ine ndikudikirani pompano," anatero Amayi.

"Ndikusiyeni nokha m'tchire muno? Alamu ndikawauza chiyani?"

Nkhani inathera pomwepo. Ngati zimenezo sizinakwane, Amayi anatambasula dzanja. "Poti mulibe kanthu, tandibwereka botololo." Analidzaza dothi la chiswe mpaka pakamwa, ine ndikuona, misozi ikusakanikirana ndi thukuta.

Sukulu itatsegulidwa, Aphunzitsi anandifunsa za phulusa lija pamaso pa ana onse. Ndinayankha kuti pamwamba sitinafike. Iwo anangoti pepa, koma anzanga anaseka sabata yonse, ena akuti ngakhale ndegeyo sindinakwere. Kunyumba ndinawanyanyalira Amayi, kuwayankha mawu amodzi amodzi, mbale kuziika mogogoda. Dothi lija linkakhala m'kabati kuseri kwa shuga, ndipo tsiku lililonse linkatsika pang'ono. Ndikaliona ndinkapsa mtima mwatsopano.

Mng'ono wanga anabadwa patapita miyezi isanu ndi umodzi, masamba atayamba kufiira m'mitengo. Ngakhale pamenepo sindinalumikize kanthu. Kwathu za mimba sauza mwana, ndipo mlongo saitchula pamaso pa mlongo wake. Zoti mimba ziwiri zinali zitapita padera m'dziko lozizira lija, popanda amayi awo kapena azakhali oti awagwire dzanja, ndinadzamva ndili kale ndi ana anga. Nthawi imeneyo ndinkangoona munthu waulesi, wodya dothi pagulu, wondichititsa manyazi. Sindikanadziwa kuti anakwera theka la phiri mantha ali pa phazi lililonse, chifukwa chokhacho chimene akanandikanira nacho sichinali chonena kwa mwana.