Chimbale chimene Davie anapita nacho ku Lusaka

Madalaivala a mathiraki amene amadutsa pa boda ya Mchinji amaidziwa kontena yobiriwira ya Zelifa Mbewe. Ili kuseri kwa osintha ndalama, pafupi ndi pamene magalimoto amaima podikira mapepala. Ntchito ya Zelifa ndi kuika nyimbo m'mafulashi ndi m'mamemore khadi. Sangodzaza chilichonse ayi. Amayamba wafunsa kuti ulendo ndi wautali bwanji, kenako amakusankhira zimbale zoti umvetsere mpaka kumapeto osadumpha nyimbo.

Anakulira ku Guilleme, kumene bambo ake ankaimba gitala m'kwaya ya tchalitchi. Bambowo atamwalira gitalayo inakhala yake, poti mwa ana onse ndiye yekha amene anaiphunzira. Ukwati wake utatha, mwamuna atatsatira mkazi wina ku Chipata, Zelifa anasamukira ku boda ndi kompyuta yakale ndi gitala ija.

Mu 2021 dalaivala wina wa ku Zambia anamusiyira fulashi kuti amukopere. Munali zimbale za magulu akunja: magitala aphokoso, ng'oma zothamanga, koma mawu okoma a anthu atatu oimbira pamodzi ngati kwaya, nyimbo iliyonse kutha usanaikhute. Dalaivalayo anati eni ake amazitcha pawa popu. Zelifa analibe nalo ntchito dzinalo. Chinamugwira mtima n'chakuti anthuwo ankaimba za kusiyidwa, koma nyimbozo zinali zovinitsa.

Anayamba kupeka zake m'Chichewa. Lamulungu masana ankatseka kontena n'kudzijambula pa foni. Anaimba za mayi wogulitsa mtedza pa boda, za dalaivala amene wakhala pamzere masiku anayi, ndi za mwamuna amene anati akukagula sipeya ku Chipata osabwerera. Zaka ziwiri zisanathe anali nazo khumi ndi imodzi.

Amene ankazimva anali munthu mmodzi, Davie, msuweni wake, mwana wa amalume ake a ku Zulu. Davie ankathamangitsa mapepala a katundu pa boda pomwepo. Gitala sankaidziwa, koma mawu anali nawo, ndipo ankabwera kudzamuthira mang'ombe.

"Asuweni, nyimbo izi zikungowolera m'kontena muno," anatero Davie tsiku lina. "Ku Lusaka ndili ndi mnzanga wa situdiyo. Munditumizire pa foni, akazimve. Akazikonda, ndidzakutengani."

Zelifa anatumiza zonse. Anamupatsanso kope lomwe analembamo mawu ake. Davie ananyamuka anthu atangomaliza kukumba mtedza. Poyamba ankaimba foni sabata iliyonse, kenako ankangolemba kuti zinthu zikuyenda, adikire. Pofika Khirisimasi anali zii.

Mu Febuluwale, mvula ikuwaza, kunabwera Fanuel, dalaivala amene ankaikitsa nyimbo kwa Zelifa kuyambira kalekale.

"Mayi, masiku onse mumatisankhira ndinu. Lero ndakubweretserani ine. Chimbale choyenera kumva chaka chino ndi ichi. Ku Lusaka chikulira m'minibasi iliyonse, ndipo akuti mnyamatayo ndi wa kwanu kuno."

Zelifa analowetsa fulashiyo mu kompyuta. Gitala itangoyamba, anaizindikira nyimboyo. Inali nyimbo ya mtedza ija, ng'oma ndi magitala atatu zitaonjezeredwa, yokongola kuposa mmene ankailotera. Woimba anali Davie. Pa chithunzi anavala jekete lachikopa, atanyamula gitala. Pansi panalembedwa kuti nyimbo zonse anapeka ndi iye.

Anamvetsera mpaka nyimbo yachisanu. Imeneyo inali ya mwamuna wa sipeya, koma Davie anaitembenuza. Tsopano wothawa anali mkazi, wosiyidwa n'kumalira anali mwamuna.

"Mayi, kwagwanji?" anafunsa Fanuel.

Zelifa anatulutsa foni n'kumuyatsira nyimbo yomweyo, mawu ake ndi gitala imodzi. Fanuel anavula chipewa.

Tsiku lomwelo Zelifa anaimbira Davie kasanu. Kachisanu ndi chimodzi anayankha.

"Asuweni, musatenthe mtima. Ndimati ndidzakufotokozereni pamaso."

"Dzina langa lili pati, Davie?"

"A situdiyo anati nyimbo za gitala za mzimayi wosadziwika sizingayende. Ndikanatani? Ndife amodzi ife. Ndikakwera ine, takwera tonse."

"Nanga ija ya Chipata? Unalipo tsiku limene ndinaipeka. Unandiona ndikulira."

Davie anati netiweki ikuvuta.

Loweruka Zelifa anakwera kabaza kupita ku Zulu kukadandaula kwa amalume ake. Anawapeza akupalira fodya wa mpongozi wawo. Anamumvetsera atatsamira khasu.

"Nyimbo si munda, mwana wanga," anatero amalumewo. "Palibe wakulanda malire. Mnzakoyu watchukitsa banja lonse. Ukufuna anthu azitiseka kuti tikukanganirana zoimbaimba?"

Amayi ake a Zelifa, omwe ankakhala mudzi womwewo, sanatsutse mlongo wawo. Anamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo posiyana anamugwira mkono.

"Ingosiya, Zeli. Koma undiikireko pa foni nyimbo ya Davie ija ya mtedza. Anzanga a kumphakati akuifuna."

Zelifa amati mawu amenewo anamupweteka kuposa a Davie.

Miyezi iwiri anakana kuika chimbalecho kwa aliyense. Makasitomala anayamba kupita pa shopu ina, moti anagonja. Koma aliyense wofuna chimbale cha Davie, Zelifa ankamuikiranso nyimbo zake zoyambirira zija, osamuuza. Fanuel yekha ndiye ankafotokozera anzake chilungamo, ndipo ena anakhulupirira. Ambiri ayi. Dalaivala wina anabwerera akumwetulira:

"Mayi, ndinakumvani m'khadi muja. Mwayesetsa kumutsanzira Davie, koma mnyamata uja ndi patali."

Kuyambira pamenepo Zelifa analeka kuziika nyimbo zakezo.

Gitala sanaisiye. Wapeka nyimbo zina zinayi, koma sazijambula pa foni kapena kuzilemba m'kope. Amaziimba chapansipansi kontena ili chitsekere, mpaka zitakhazikika m'mutu.

Mwezi wathawu Davie anaimba foni masana, Zelifa akukopera fulashi ya kasitomala. Anafunsa za moyo, za amayi, za mvula. Kenako anafika pa nkhani: a situdiyo akufuna chimbale chachiwiri, ndipo iye wayesa kupeka koma sizikutuluka.

"Asuweni, palibe zatsopano kumeneko? Ulendo uno dzina lanu lidzakhalapo, ndikulumbira."

"Zilipo," anayankha Zelifa.

"Zingati?"

"Zinayi. Zoposa zija."

Anamva Davie akupuma mwamphamvu. Anadikira kuti mwina anena mawu amodzi opepesa, koma Davie anangofunsa ngati angazitumize lero lomwe. Zelifa anadula foni, n'kufunsa kasitomala uja ngati akupita ku Lusaka kapena akupitirira.