Waya Wopita ku Kitwe

Mukafika ku Mhuju n'kufunsa kwa a Hezron Harawa, anthu sakulozerani nyumba, amakulozerani kumwamba. Pali mabulugamu awiri ataliatali, wina kuseri kwa khola, wina m'malire mwa munda, ndipo pakati pake pamadutsa mawaya. Alendo amafunsa ngati pamenepo m'poyanika zovala za angelo. Nthabwala imeneyi a Harawa anasiya kalekale kuiseka.

Moyo wawo wonse anali munthu wa mawailesi. Ntchitoyi anaiphunzira ku Khondowe ali mnyamata, ndipo zaka makumi atatu anazungulira tizipatala ta mishoni pa njinga yamoto, kukonza mawailesi a mauthenga, aja ankaitanira ambulansi mayi akavutika pobereka. Atabwera mafoni a m'manja, mawailesiwo anakankhidwira m'zipinda zosungira katundu kuti azigonamo mphemvu. A Harawa anabwerera kumudzi ndi zinthu zitatu: wailesi yawoyawo, chiphaso cha boma chowalola kulankhulirapo, ndi ukulu wa mpingo. Ukuluwo, tinene zoona, ankaunyamula ndi manja awiri. Pa seshoni, pamene akulu amazenga milandu ya akhristu, sankadziwa kuseka ndi munthu.

Mnzawo wa ku Khondowe, a Pearson Msiska, anapita ku migodi ya ku Kitwe n'kukhazikika komweko. Zaka makumi anayi, Lamulungu lililonse 3 koloko masana, awiriwa ankakumana pa wailesi. Kucheza ndi mnzako si ntchito, ankatero a Harawa munthu akawafunsa za Sabata. Sankalankhula ndi pakamwa ayi. Ankagogoda kachitsulo ka Mosi, ti-ti-taa, ti-taa, chilembo ndi chilembo, ndipo aliyense ankazindikira dzanja la mnzake monga muzindikirira mapazi a mkazi wanu ali kuseri kwa nyumba.

Chaka chatha a Pearson anagwa ndi sitiroko. Lilime linafa. Mawu a anthu anayamba kuwamvekera ngati madzi a mumtsinje, mwa asanu n'kulowa limodzi. Koma Mosi anatsalira m'zala ndi m'makutu. Foni inasanduka mwala, ndipo padziko lonse munthu amene akanamva za mumtima mwawo anatsala mmodzi, nkhalamba ya ku Mhuju ya zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi ziwiri, ya manja onjenjemera.

Lolemba lina mu Okutobala, mwana wa a Pearson, Kezia, anaimba foni. Mkazi wa a Harawa, a Lena NyaLuhanga, ndiwo anakwera pachulu pomwe netiweki imagwira, n'kubwera ndi uthenga. Kezia watopa kuyendera bambo ake kuchokera ku Lusaka. Lolemba likudzalo akuwatenga, ndipo kumene amakhalako ndi nyumba zosanjikizana, mwini wake salola ngakhale chingwe choyanikira zovala. Lamulungu likudzali ndilo lotsiriza.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Lachiwiri masana kamvuluvulu anatsika m'phiri, n'kuthyola nthambi, eliyo yonse, mawaya a wailesi aja, n'kugwera m'khola. Pomwe a Harawa amafika, ng'ombe zinali zitaipota m'nyanga n'kuidula zidutswazidutswa.

Lachitatu anakwera minibasi kupita ku Boma. Waya wa kopa wopanda chikopa, umene anauzolowera, sanaupeze, ndiye anagula wa magetsi a m'nyumba, wokutidwa ndi pulasitiki. Anadziwa kuti umenewu muyeso wake umasiyanako, koma kusiyana kwake bwanji, waya wokha ndiwo ukanawauza uli m'mwamba.

Eliyo ya a Harawa inali ya mawaya asanu ndi amodzi, atatu uku atatu uku, otambasuka kuchokera pakati ngati zala. Awiri ataliatali anali olankhulira pafupi madzulo. Awiri afupiafupi anali owolokera nyanja. Apakatikatiwo ndiwo ankafika ku Kitwe masana. Uliwonse umafuna kutalika kwakekwake, ndipo ali ngati akazi a mitala: mukasangalatsa uyu, winayo wakwiya. Muli pansi simungaiyese, nthaka imanama. Mumaikweza, n'kulowa m'nyumba, n'kugogoda kachitsulo mukuyang'ana singano ya kamita. Singano ikagona, zili bwino. Ikadumpha, ndiye kuti mphamvu ikubwerera, ndipo wailesi imadzitsamwitsa yokha kuopa kupsa. Apo mumatsitsa, kudula kachidutswa, kukwezanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma a Harawa masiku odekhera anali nawo atatu.

M'mudzimo munthu wokwera mabulugamu amenewo anali mmodzi, Laws Chirambo, mmisiri wa zigafa za fodya, bambo wa ana asanu. Pakati pa iye ndi a Harawa panali nkhani yakale. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo mphepo inasasula chigafa chake Loweruka, mvula ili pafupi, fodya ali mkati. Laws anakwera kukafolera Lamulungu m'mawa. A Harawa popita ku tchalitchi anamuona, ndipo sanayang'ane kumbali. Anakamutula ku seshoni, iye n'kukhala miyezi isanu ndi umodzi osadya mgonero. Laws analira, n'kulapa, n'kubwerera. Lero ndi dikoni, ndipo pa nkhani ya Sabata waposa mphunzitsi wake. Chakukhosi analibe. A Harawa atamuitana anangoti yewo adada, n'kubwera ndi chingwe chake.

Lachinayi anapima ndi kudula mawaya, kuwamanga pa tizidutswa ta paipi. Lachisanu Laws anakwera n'kuponyera zingwe za khonje pa nthambi. Kuyambira pamenepo kunali kukweza ndi kutsitsa basi. Pulayala a Harawa sankathanso kuifinya, ndiye ankangoloza ndi chala, a NyaLuhanga n'kudula.

"Apa, a Harawa?"

"Pang'ono chabe. Wodula sabwezera."

Loweruka dzuwa litapendeka, pa mawaya ataliatali singano inagona, pa afupiafupi inagona. Anatsala a ku Kitwe. Pokweza kachisanu ndi chinayi, chingwe china chinayamba kuthetheka pa nthambi, ndipo Laws anakwera kukachiona. A Harawa analowa m'nyumba, n'kukhala nthawi ndithu akuyesa apa ndi apa, akuwerengera pa kapepala. Anapeza kuti waya watalika ndi zikhatho ziwiri mbali iyi, ziwiri mbali iyo. Anatuluka mtima uli m'malo, n'kupeza Laws akutsika mtengo wachiwiri, akumwetulira, zingwe zonse zili pa phewa.

Paja chimene Laws wamanga sichimasuka, ndiwo ulemu wake pa ntchito. Ataona kuti khonje ndi lowola, anakulunga nsonga za eliyo pa nthambi ndi waya wa mpanda, mitengo yonse iwiri, n'kupota ndi pulayala.

"Tsopano ibwere mphepo imene ikufuna, adada. Iyi siigwanso."

A Harawa anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali litalowa kuseri kwa phiri, ndipo bulugamu sakwera kuli chizirezire. "Palibe kanthu, tidzatsitsa mawa," anatero. Mawuwo atatuluka m'pamene anakumbukira kuti mawa ndi tsiku lanji.

M'tchalitchi sanamve ulaliki. Potuluka anamupeza Laws pakhomo, atavala jekete lake lakuda, akupereka moni kwa anthu.

"A dikoni, waya uja. Ndi zikhatho ziwiri uku, ziwiri uku. Ntchito yosatha ola."

Laws anaseka. "Mukundiyesa, adada?" Atawayang'ana kumaso, kuseka kunatha.

"Ntchito yachifundo imaloledwa," anatero a Harawa motsitsa mawu. "Si waya ayi, ndi munthu. Mukudziwa za a Msiska."

"Ndikudziwa, ndipo zikundipweteka chomene. Koma mawu amenewo ndinawanena ine pa seshoni. Ndinati si fodya, ndi chakudya cha ana anga. Inu munati mvula ndi ya Mulungu, fodya ndi wake, tsikunso ndi lake. Ndakhala ndikuyendera mawu amenewo zaka khumi ndi ziwiri." Sankanyoza, maso ake ankachita kupempha. "Ngati tsiku lija munalakwa, ndiuzeni, adada. Ndivula jekete pompano. Koma ngati simunalakwe, musandichimwitse."

Anthu anali atayima mozungulira, akulu anzawo, amayi a chigwirizano, anyamata a kwaya. Onsewo a Harawa anawadzudzulapo pa china chake. Mawu anali atatu okha, tsiku lija ndinalakwa, ndipo anafika mpaka pakhosi. Ukayenda siya phazi, akuluakulu anatero, ukasiya mlomo udzaupeza. A Harawa anaupeza mlomo wawo utawadikira pakhomo la tchalitchi, ndipo unawakanika kuumeza.

"Pitani bwino, a dikoni," anatero.

Kunyumba chakudya chinawakana. Itakwana 1 koloko anaponya supuni. "A NyaLuhanga, pitani kwa Laws. Kamuuzeni kuti ndinalakwa." Mayiwo anangomanga chitenje n'kunyamuka. Anabwerako okha. Laws anali atapalasa njinga kukapempherera wodwala kutsidya kwa phiri, wobwera madzulo.

Pamenepo a Harawa anavula jekete, n'kukoka makwerero a nkhokwe, kuwatsamiritsa pa bulugamu. Makwererowo ankalekeza pamene mtengo unali usanayambe n'komwe kuganiza za nthambi. A NyaLuhanga anagwirira pansi. Mkuluyo anakwera masitepe anayi, yachisanu n'kuwakanika. Anakhala pamenepo atakumbatira mtengo, tsaya lili pa khungwa, mpaka mkazi wawo anati, "Tsikani, a Harawa. Ndilibe mphamvu zokutolani."

Pa 3 koloko anavala mahedifoni. Eliyo yosalinga bwino ili ndi nkhanza yake: kumva imamva ndithu, kuyankhula n'kumene imakana. Mkati mwa phokoso la mphepo linatulukira dzanja lija, lochedwa, lokoka mwendo pa chilembo chilichonse.

HEZ. HEZ. NDINE PEARSON.

A Harawa anagogoda. Singano inadumpha mpaka kumapeto, wailesi n'kudzitsamwitsa. Kamphamvu kamene kanatuluka mwina kanangofika ku Bolero, pafupi pomwepa. Anagogodanso. Anasamukira pa mawaya ataliatali, koma masana amenewo safika kutali. Anasamukira pa afupiafupi, akuyembekeza chozizwitsa. Singano inagona bwinobwino, ndipo nthawi yomweyo munthu wina wa ku Italy anawayankha mokondwa, kuwafunsa dzina ndi nyengo ya ku Malawi. Mawu awo ankadumpha Kitwe pamwamba n'kukagwa kutsidya kwa nyanja. A Harawa sanamuyankhe mzunguyo, anabwerera kumene kunali mnzawo.

HEZ. UKUNDIMVA?

"Ndikukumva, mnyane," anatero ndi pakamwa, kuitana mnzawo m'chinenero cha kwawo, m'chipinda mopanda munthu. A NyaLuhanga anali pachulu akuimbira Kezia kuti akawauze bambo ake kuti a Harawa akuwamva. Foni inali yozima. Kezia naye ndi mwana wa mpingo, anali ku mapemphero a masana.

A Pearson anaitana mphindi makumi anayi. Ankapuma, n'kuyambanso, zilembo zikusokonekera chifukwa cha kutopa. A Harawa ankalemba chilichonse m'buku lawo monga mwa nthawi zonse. Chisoni chimene anali nacho si cha maliro ayi. Pa maliro umadziwa kuti mnzako sakukufuna. Apa mnzawo ankawafuna, ali moyo, ndipo chowalekanitsa chinali waya wosakwana mkono umodzi mbali iliyonse.

Kenaka dzanja lija linabweranso pang'onopang'ono.

KODI WATSOGOLA HEZ?

A Harawa anamenya kachitsulo ndi chikhatho chonse. Singano inadumpha.

NGATI WATSOGOLA UNDIDIKIRE. YEWO CHOMENE MNYANE.

Zitatero panatsala phokoso la mphepo lokha.

Kezia anapezeka madzulo. Anati awauza bambo ake kuti a Harawa ali moyo, kuti amamva zonse. Patapita kanthawi anaimbanso. "Ndawauza katatu, amama, mokweza. Akungondiyang'ana. Sindikudziwa ngati zalowa."

Lolemba kutangoyera Laws anafika ndi chingwe chatsopano cha nayiloni. Anakwera, n'kumasula, n'kutsitsa. A NyaLuhanga anadula zikhatho ziwiri uku, ziwiri uku. Anakweza. A Harawa analowa m'nyumba, n'kugogoda, ndipo singano inagona osagwedezeka n'komwe. Zaka zonse zimene anamanga maeliyo, inali isanagonepo chotero.

Laws anasuzumira pa zenera, thukuta lili chuchuchu. "Yagona, adada?"

"Yagona." Anavula mahedifoni. "Laws, mwana wanga, tsiku lija la chigafa ndinalakwa."

Laws anawerama, n'kuyamba kukulunga chingwe chotsala pa chigongono, pang'onopang'ono.

A Harawa anavalanso mahedifoni n'kuyamba kuitana. PEARSON. NDILI MOYO. PEARSON. Mawuwo tsopano ankafika ku Kitwe bwinobwino, pa nyumba imene waya wake anali atautsitsa kale m'mawa womwewo, wailesi ili m'katoni kumbuyo kwa galimoto ya Kezia.