Wojambula wa pa Nsaru wafufuta bambo anga

Pali wojambula zithunzi wina pa Nsaru amene wandichita chipongwe choti sindidzaiwala mpaka kumanda. Dzina sinditchula, akudzidziwa yekha. Tamverani.

Bambo anga anali mphunzitsi kwa Kabudula, komwe ine ndi mlongo wanga Yamikani tinabadwira tisanasamukire ku Blantyre. Chaka chino shuga inawafoola kwambiri. Tsiku lina anangoti, "Ana anga, ndiperekezeni kumudzi ndikaone akulu anga." Akulu awowo anali asanalankhulane nawo kwa zaka 17 chifukwa cha mkangano wa munda.

Tinanyamuka Loweruka 6 koloko m'mawa pa galimoto ya Yamikani. Bambo kutsogolo, ine kumbuyo ndi mankhwala awo. Panjira tinaima kanayi kuti apume. Pa Nsaru tinafika 1 koloko, n'kumutenga wojambulayo. Ndinali nditamulipira kale zonse pa foni Lachitatu. Ndinamuuza mosabisa kuti bambo akudwala, ulendowu mwina ndi womaliza.

Tinayamba taima pa nyumba ya aphunzitsi yomwe tinakuliramo. Bambo anaima pakhomo atagwira khoma, iye n'kujambula. Kenako kumudzi. Bambo aakulu anatuluka ndi ndodo yawo, anayang'anitsitsa, n'kuti, "Iwe, wakalamba chonchi?" Anagwirana manja, kuseka ndi kulira pamodzi. Mkulu wa mpingo wa pomwepo anapemphera. Yamikani atatulutsa foni, wojambulayo anakalipa kuti tibise mafoni, tikumusokoneza, madalawa akuyang'ana kwina, ntchito tisiyire eni ake. Tinamvera. Ine ndemwe ndinamulanda Yamikani foniyo.

Analonjeza kuti zithunzi atumiza Lachisanu. Lachisanu litafika anati magetsi azima. Sabata yotsatira, kompyuta yadwala. Kenako foni osayankha. Kodi magetsi a pa Nsaru amazimitsanso pakamwa?

Patatha masabata atatu, Lachiwiri m'mawa, bambo anatisiya. Ndinamuimbira kakhumi ndi kamodzi. Ndinamulembera kuti bambo amwalira, chonde chithunzi chimodzi chokha choika pa bokosi. Anawerenga uthengawo. Zii. Pa bokosi tinaika kachithunzi ka pa chiphaso chawo, kosaoneka bwino, nkhope ngati ya mkaidi.

Tinawaika kwa Kabudula Lachinayi. Lachisanu 9:15 m'mawa ndinali pa shopu yake, mpango wa maliro udakali kumutu. Ndinamupeza akudya chipisi, akukonza zithunzi za ukwati pa kompyuta yodwala ija. Sanadzuke. Sanapepese.

Ndinamufunsa za zithunzi. Anati memori kadi ya mu kamera inadzaza tsiku lomwe anatijambula, ndipo mawa lake kunali ukwati ku Namitete, ndiye anafufuta zathu poganiza kuti anali atazisunga kale. Poganiza! Ndinamufunsa kuti anadziwa liti. Anati Lolemba lotsatira ukwatiwo. Ndiye za magetsi zija? Za kompyuta zija? Masabata atatu bambo akundifunsa ali pabedi, "Zithunzi zabwera?" Akanandiuza zoona Lolemba, sitikanawajambula tokha ndi foni adakali ndi mphamvu zokhala tsonga?

Mukudziwa chomwe anayankha? Anati, "Amayi, munthu wa zaka zonsezo, munali kuti osamujambula kale?"

Iye anapukuta manja pa buluku n'kuwonjezera kuti ndikanamuitana dzulo, chifukwa maliro amajambulanso, ndipo akanandichotserako. Mayi wina amene ankadikira zithunzi za mwana wake anagwira pakamwa n'kutuluka.

Kundichotserako eti? Mukanajambula bokosi lotseka kuti ine ndizikalipsompsona?

Sindinamutukwane. Ndikumva chisoni kuti sindinatero.

Bambo aakulu ali ndi zaka 84. Potsanzikana pa maliro paja anandigwira dzanja n'kunong'ona kuti, "Chithunzi chathu chija, ndi mng'ono wanga, udzanditumizire chachikulu, ndikoleke pabalaza." Ndinati inde. Ndinanamiza nkhalamba mosadziwa pa manda a bambo anga chifukwa cha munthu ameneyu.

Ndiye inu achimwene a kamera, ndalama zanuzo khalani nazo, mugulire chipisi. Chomwe ndikufuna ndi chimodzi. Kwerani njinga yanu, mupite kwa Kabudula, mukagwade pakhomo pa bambo aakulu, mukawauze ndi pakamwa panu kuti mng'ono wawo munamufufuta kuti mupeze malo a keke ya ukwati. Ine sindikawauza. Mukawayang'ane m'maso nokha.

Inu a ku Nsaru, Kasiya, Namitete, wojambula akakuuzani kuti bisani mafoni, mukaneni. Jambulani makolo anu lero lomwe, ngakhale ndi foni yosweka galasi.